Wonunkhiza Minda wa ku Bundabunda

"Ine munda wanga umadya masaka twelofu a feteleza. Twelofu! Ukaupatsa teni umadandaula."

Amene ankalankhula chonchi ndi Ba Tenson, tcheyamani wa kopaletivu ya alimi ku Bundabunda m'boma la Chongwe, tsiku lolandira feteleza. Ba Tenson akamalankhula amayang'ana munthu amene ali pafupi, koma mawuwo amawatumiza kwa amene ali kumapeto kwa mzere.

Fyness Zulu sanali ngakhale pamzerepo. Dzina lake silinali pa mndandanda uliwonse. Iye anabwera kudzasenza masaka a anthu ena, kuti madzulo amulole kusesa feteleza wotayikira pansi n'kutenga. Anamva mawu a tcheyamani ali ndi thumba pamutu, ndipo sanatsutse. Masaka khumi ndi awiriwo anawakhulupirira ndithu, pakuti ena mwa iwo khosi lake linkawadziwa. Chinkamuvuta n'china. Iye anali atakololako pa ganyu m'munda umenewo, ndipo chimanga chake chinali cha msinkhu wa chala chachikulu. Ndiye mumtima anangofunsa kuti, munda wodya chotero, bwanji sunenepa?

Inu amene mwatsegula nkhaniyi mtima uli pansi, yambani mwaona pamene mayi ameneyu anali.

Makolo a Fyness adachokera ku Katete kalekale, ndipo pa malo a mafumu mlendo amakhala mlendo ngakhale ataona zidzukulu. Munda analibe. Sukulu anailekera giledi naini, mayeso atamukana kawiri. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasesa makola a nkhuku pafamu ina kufupi ndi Chalimbana, kufikira tsiku limene eni famuyo anagulitsa nkhuku zonse n'kuuza antchito kuti adzawaimbira foni. Mwamuna wake anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, nayenso ananena kuti adzaimba. Fyness anatsala ndi ana awiri, Towela ndi mng'ono wake, khasu limodzi, ndi foni yosalira.

Amene anam'bwereka munda ndi Ba Clotilda, mayi wa mtundu wa Asoli, eni deralo, amene banja lawo lili ndi malo kuyambira kumsewu mpaka kukamtsinje. Anali malima awiri, ndiye kuti theka la hekitala, oyandikana ndi munda wa Ba Tenson. Tisawanamizire chifundo chopitirira muyeso Ba Clotilda: mundawo unali woguga, woti ngakhale kaufiti ankamera mokayikira.

"Amake Towela," anatero pomulozera malire, "uyu munda unatopa. Lima zaka zitatu. Zikatha tizakamba, ngati ukhala nawo kapena nitenga."

Chaka choyamba Fyness anakolola masaka atatu. Pofika mwezi wa Okutobala ana ankadya kamodzi patsiku, ndipo iye ankawauza kuti wadyera kuganyu.

Zinthu zinayamba kusintha pa msonkhano umene unalephereka. Kunabwera mlangizi watsopano wa zaulimi, Ba Chipasha, mtsikana wa kumpoto, wodziwa bwino nthaka koma Chinyanja chake chinali chikali kukwawa. Anaimika njinga yamoto pansi pa mtengo, n'kuyang'ana alimi oposa makumi asanu, n'kunena ndi nkhope yachisoni:

"Makolo anga, nabwera na nkhani yovuta. Minda yanu ikutulutsa mpweya woipa."

 Aliyense wakwathu akudziwa chimene munthu waulemu amatanthauza akati mwana watulutsa mpweya woipa. Mayi wina kumbuyo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera. Kenaka Ba Tenson anaimirira, nakonza jekete.

"Ba madamu, mwina mukamba minda ya anthu ena. Wanga ni munda wa ulemu. Suphwisa."

Msonkhano unathera pomwepo, ngakhale unapitirira ola lina. Ba Chipasha anayesetsa kufotokoza kuti utsi wa mapesi otenthedwa, mpweya wochokera ku feteleza ndi ku ndowe, zonsezi zimakwera n'kukaunjikana kumwamba ngati gombeza, dziko n'kumatentha, mvula n'kumasokonekera. Anawakumbutsa za chilala chija chimene chinaumitsa chimanga chili ndi ngayaye. Koma akangoti "mpweya", anthu ankagwa nazo. Madzulo ake nkhani inali itafika pachigayo, yakuti boma latumiza munthu pa njinga yamoto kudzaletsa minda kuphwisa.

Munthu mmodzi yekha sanaseke mokwanira. Fyness anatsatira mlangiziyo kunjinga.

"Ba madamu, nifunseko. Ine ninasewenza mu makola a nkhuku. Kuli fungo lina limalasa mu mphuno mpaka misozi. Manje anthu akamwaza yuleya pamwamba, mvula osabwera, pakapita masiku awiri munda umanunkha chimodzimodzi. Mulibe nkhuku muja. Ni chani?"

Ba Chipasha anavula chisoti chimene anali atavala kale.

"Uyo ni feteleza amene athawa."

"Athawira kuti?"

"Kumwamba. Koma uja mumamva ni mpweya umodzi chabe. Kuli winangu, mphuno siungaugwire. Umachoka ngati mwathira feteleza wambiri pa nthawi imodzi, makamaka nthaka ikakhuta madzi. Uyo ndiye woopsa potenthetsa dziko. Wonse uwiri ni chakudya cha chimanga chimene chasochera."

Fyness anaganiza pang'ono.

"Ndiye kuti Ba Tenson amadyetsa kumwamba?"

"Ine sininatchule dzina la munthu," anatero Ba Chipasha, n'kuliza njinga.

Munthu wina akanangogwedeza mutu n'kupita kwawo. Koma Fyness adabadwa ndi matenda osakhulupirira chinthu asanachione, matenda omwe aja anamulepheretsa mayeso, pakuti ankachedwa n'kudabwa funso anzake akulemba mayankho. Atafika kunyumba anatenga yuleya wosesa uja. Dzanja limodzi anamwaza pamwamba pa dothi lonyowa n'kuvundikira ndowa. Dzanja lina analikwirira n'kuvundikira ndowa inanso. Anadikira masiku awiri. Atavundukula yoyamba n'kuikamo mutu, anabwerera chagada akutsokomola, misozi ili mbwee. Atavundukula yachiwiri anangomva fungo la dothi.

Anakhala pansi pakati pa ndowa ziwirizo nthawi yaitali. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anali atafunsa funso n'kudziyankha yekha.

Ndiye matendawo anakula. Anayesa ndi manyowa a mbuzi: mulu wina anausiya padzuwa, wina anaufunditsa udzu ndi dothi. Anayesa kukwirira mozama chala chimodzi, kenaka zala zitatu. Popita kuganyu ankaima m'mphepete mwa minda ya eni, mphuno ili m'mwamba ngati galu wa uzimba. Anthu a ku Bundabunda sachedwa kupereka dzina. Pofika Khirisimasi, ngakhale ana a sukulu ankamudziwa kuti Wonunkhiza.

"Amake Towela, bwerani munimverereko wanga," ankatero amayi pachitsime. "Dzulo unadya nyemba."

Iye ankaseka nawo. Kuseka n'kwaulere, ndipo chinali chimodzi mwa zinthu zochepa zimene akanakwanitsa.

Chaka chachiwiricho anagawa munda pawiri. Lima imodzi anabzala soya ndi nandolo, pakuti Ba Chipasha anamuuza kuti mbewu zimenezi zimadzipangira feteleza m'mizu n'kusiyira chimanga cha chaka chamawa. Lima inayo anabzala chimanga. Yuleya anali naye wosakwana theka la thumba, choncho ankamuyeza ndi kachitsekero ka botolo. Ankabaya kadzenje ndi kamtengo pambali pa phesi, kuthira, kukwirira ndi chidendene, kusuntha phazi limodzi, kubayanso. Sanathire yense kamodzi: wina chimanga chikali chaching'ono, wina chitafika m'mawondo. Madzi akadikha m'mizere ankadikira kuti aphwe. Ntchito imene wina amamaliza tiyi asanazizire, iye inkamutengera masiku anayi, ndipo usiku msana unkamuwerengera mapesi onse amene anawagwadira.

Atakolola sanatenthe mapesi. Anawagoneka m'munda kuti afunditse nthaka ndi kuwolerana momwemo. Apa m'pamene anaphunzira kuti sayansi ili ndi adani ambiri, ndipo ena ndi achibale. M'mwezi wa Ogasiti abale ake enieni a kum'mawa anayatsa tchire posaka mbewa. Moto wa mbewa sufunsa malire. Pofika masana theka la zofunda za munda wake linali phulusa, utsi uli tolotolo kupita kumene Ba Chipasha ananena. Osakawo anam'pepesa ndi mbewa zisanu zonona. Fyness analira, anazilandira, anadya ndi ana ake, ndipo m'mawa mwake anatenga khasu n'kulambula kuzungulira munda wonse, mikono itatu m'lifupi, dzuwa la Ogasiti likumuyang'ana.

Chaka chimenecho ana sanagone ndi njala mpaka mu Janyuwale. Sikunali kulemera ayi. Kunali kungochoka pansi pa dzenje n'kufika pakati pake.

Chaka chachitatu anasinthanitsa: chimanga chinapita pamene panali soya. Ndipo tsiku lina masana, chimanga chili ndi masamba anayi, kunatulukira Ba Rosaria, akazi a Ba Tenson, akuti akufuna mbuzi yosochera. Anaifuna mbuziyo pamalo amodzi kwa theka la ola, maso ali pa kamtengo ndi kachitsekero.

"Amake Towela," anatero potsiriza, motsitsa mawu, "mbuzi ilibe kusowa. Niphunzitseko ivi uchita. Ba Tcheya ananipatsa lima ya kumsewu kuti niziyang'anira, iwo ali bize na mamiting'i ku boma. Koma asadziwe. Akamva kuti naphunzira kwa iwe, mu nyumba simuzagoneka. Lumbira."

Ba Tenson ngakhale kunyumba kwawo amatchedwa Ba Tcheya. Anayamba okha, ena n'kuzolowera.

Fyness analumbira. Anawaonetsa kuzama kwa dzenje, kutalika kwake ndi phesi, ndi nthawi yodikira. Anawabwerekanso kamtengo.

Mu Febuluwale lima ya kumsewu ija inali bii, chimanga chobiriwira mpaka kuda, anthu a m'minibasi akuloza pawindo. Minda ina ya Ba Tenson, imene ankamwaza okha ndi manja awiri ngati akudyetsa nkhunda, inali yachikasu monga mwa masiku onse, koma inali kuseri, ndipo minibasi sidutsa kuseri. Ba Tenson anayamba kuima pamsewupo madzulo, manja kumbuyo, kuti wofuna kufunsa asavutike kuwapeza.

"Chinsinsi ni kusaumira," ankatero. "Masaka atatu pa lima imodzi. Nthaka ifuna mwamuna wosawerenga."

Fyness ankadutsa pomwepo ndi khasu paphewa, n'kupereka moni.

Kwake nako kunachita bwino. Lima imodzi inam'patsa masaka khumi ndi anayi, soya ndi nandolo padera. Nthaka imene kale khasu linkalira likaimenya, tsopano inkalowa chala. Ndipo apa m'pamene panabwera vuto limene aliyense wobwereka munda amalidziwa: munda wakufa sukhala ndi mwini, koma ukadzuka eni amachuluka.

Ba Tenson anapita kwa Ba Clotilda. Ng'ombe za Ba Clotilda zinali zitafa ndi matenda a nkhupakupa, ndipo zaka ziwiri anali akulima ndi khasu, mochedwa. Ba Tenson analonjeza kuti akawapatsa malima awiri a Fyness aja, adziwalimira minda yawo yonse ndi ng'ombe chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa. Musawaweruze msanga Ba Clotilda. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo otupa, ndi adzukulu anayi odya pakhomo pawo. Zaka zitatu zinali zitakwana, ndipo iwo sanalonjeze china koposa kukamba.

Ba Clotilda anaitanitsa anthu kumundako Loweruka m'mawa, kuti pasadzakhale wonena kuti zinachitikira m'nyumba. Kunabwera achibale awo, akuluakulu a mpingo awiri, Ba Tenson ndi Ba Rosaria, ndi anthu ena khumi ndi angapo amene sanaitanidwe koma anali ndi nthawi.

Ba Tenson analankhula poyamba, ndipo analankhula bwino.

"Ine sinizonda uyu mwana. Koma tikambe zoona. Munda unapuma chabe, na mvula inagwa bwino. Onani mwekha, mapesi mbwee, uve wokhawokha, nyumba ya njoka. Munda siufuna kununkhiza, ufuna feteleza. Amene akayika ayende kumsewu akaone lima yanga. Munaiona monse. Ija ndiye ntchito ya mlimi."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Limayo anali ataionadi.

Ba Clotilda anatembenukira kwa Fyness. "Amake Towela, wamva. Uli na mawu?"

Fyness anali nawo mawu, okwana kugwetsa mlandu wonse mu mpweya umodzi. Anali pamilomo. Anayang'ana Ba Rosaria, amene anakhala pa chitenje maso ali pa zala za kumapazi. Anaganiza za ana ake, za masaka atatu a chaka choyamba, za kusenza katundu wa eni. Kenaka anameza.

"Amayi, ine ng'ombe nilibe. Munda munanipatsa muudziwa mmene unalili. Gwirani dothi mumve. Vina nilibe vokamba."

Ba Clotilda sanagwire dothi. Ankalidziwa kale, ndipo dothi silikanawalimira minda. Anapumira m'mwamba, nayamba kunena kuti, "Mwana wanga, unimvetse..."

"Yembekezani, Ba Clotilda."

Anali Ba Rosaria. Anadzuka pang'onopang'ono, nakutumula chitenje.

"Nili na nkongole kwa uyu mwana, osati ya ndalama. Ninamulumbiritsa, ndipo mwaona mwekha, alola kutaya munda kusiyana na kuniulula. Ine nizalephera kulowa mu tchalitchi mailo pa Sande. Ija lima ya kumsewu ninalima ndine, ndipo ninalima monga ananiphunzitsira amake Towela. Kadzenje, kachitsekero, kukwirira. Na kamtengo kanali kake."

"Amake Kondani," anatero Ba Tenson, "khala pansi. Ninakupatsa masaka atatu pa ija lima."

"Munanipatsa, Ba Tcheya. Ninasewenzetsa hafu."

"Nanga awiri na hafu ali kuti?"

"Mu nyumba. Ninaphimba na nsalu ya maluwa. Paja mumakhala mukamamvera nyuzi."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo akuti kunamveka mpaka kukamtsinje. Mkulu wina wa mpingo anachita kugwira mtengo. Tcheyamani wa kopaletivu anali atakhalira feteleza wake miyezi isanu, akuyamikira kuti akazi awo agula mpando wabwino.

Ba Tenson anadikira kuti phokoso litsike. Anakonza jekete.

"Ine ninadziwa," anatero. "Ninali kumuyesa chabe."

Palibe anawatsutsa. Munthu akagwa pagulu mumamusiyira kansalu.

Ba Rosaria anayenda mpaka pamene panali Fyness, nagwada pamapesi paja, mayi wamkulu kugwadira wamng'ono, naomba m'manja. "Zikomo, aphunzitsi. Namasula lumbiro lako."

Maso onse anatembenukira kwa Ba Clotilda. Mawondo awo anali akali otupa, ndipo ng'ombe zinali zikali za Ba Tenson.

"Hafu ya saka," anatero potsiriza, ngati akulawa mawuwo. "Ine chaka chatha ninagulitsa mbuzi zitatu kugula feteleza, ninamwaza yense tsiku limodzi." Anayang'ana kumwamba pang'ono, ngati angazione mbuzizo. "Amake Towela, munda ni wako kulima. Pa Mande tiyende kwa a mfumu, akamve na anthu awa kuti nakupatsa, pasakhale wina wozakuchotsa nikafa. Va ng'ombe nizaona. Koma mvula ikagwa uyambire kwanga, unionetse ako kamtengo."

Fyness anasendera pamene panali Ba Clotilda. Anangogwada n'kuomba m'manja, misozi ikugwera pa dothi lake.

Lero mukafika ku Bundabunda mudzapeza alimi angapo akubaya timaenje ndi kusunga mapesi. Ena akutenthabe, ena akumwazabe. Fyness sanaziziritse dziko, ndipo sanena kuti anatero. Chimene akudziwa n'chakuti chakudya chimene chinkathawa m'munda mwake kupita kukawononga mvula, tsopano chimatsala pansi n'kulowa m'mimba mwa ana ake. Akadali ndi mafunso ambiri. Pano akufufuza chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pa mtengo wa nsangu, ndipo anabzala kale mbande zisanu ndi ziwiri kuti aone yekha.

Tsono inu amene mayeso anakukanani, inu amene ntchito inatha, inu amene mukulima pa malo obwereka: musanyoze kanthu kakang'ono kamene moyo wovuta unakuphunzitsani. Mayi uyu zaka zisanu ndi chimodzi za m'khola la nkhuku zinam'siyira mphuno yokha, ndipo inakwana. Funsani funso limene ena akuliseka. Liyeseni ndi manja anu. Moto ukadutsa, lirani tsiku limodzi, lachiwiri mutenge khasu. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna pokolola.